Mapepala Okulungira Zitumbuwa

"A Ticha, ngati mwabweranso chimanjamanja musatsike n'komwe panjingapo. Mapepala anga ali kuti?"

Esnati, amene msika wonse wa ku Kakumbi unkamutchula kuti Amake Benji, analankhula atagwira chipande chovuulira zitumbuwa ngati akufuna kukwapula nacho munthu. Mafuta ankalira m'chiwaya. Kunali kudakali m'mawa, koma dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha kumapazi.

A Lubasi anatsikabe, akumwetulira. Anali mnyamata wamtali wochokera kutali kumadzulo kwa dziko, ndipo boma linawatumiza kudzaphunzitsa kuno kuchigwa. Chinyanja anachiphunzirira kuukulu, ndiye chinkawalemera palilime.

"Mwauka bwanji, amayi? Tiyambe ndi moni."

"Moni sakulunga chitumbuwa. Chilimwe chonsechi mwakhala mukundiuza kuti mawa, mawa. Kodi mawa lanulo likubwera ndi mvula?"

"Makiyi a chipinda cha mapepala akale ali ndi a Hedi, amayi. A Hedi ndiye mukuwadziwa."

"Ine sindinapangane ndi a Hedi. Ndinapangana ndi inu."

Pangano lake linali lotere. Chitumbuwa sichigulitsidwa chamaliseche, chimafuna pepala, ndipo pepala ku Kakumbi linkasowa kuposa shuga. Esnati anali ndi mlongo wake, Langford, amene ankasesa m'zipinda pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa. Alendo akachoka ankasiya manyuzipepala ndi timabuku ta zithunzi, ndipo lamulo la paloji linali loti zonsezo zikawotchedwe kudzenje. Wantchito wopezeka ndi kanthu ka mlendo, ngakhale kotayidwa, ankachotsedwa tsiku lomwelo. Langford ankabisa mapepalawo m'malaya n'kubweretsera mlongo wake. Tsiku lina a Lubasi anagula chitumbuwa, n'kuiwala kudya, maso ali tong'o pa pepala la mafuta. Anachonderera ngati mwana kuti timabuku ta zithunzito, amene iwo ankati makomiki, asamating'ambe. Aziwapatsa tathunthu, ndipo iwo azibweretsa mtolo wa mapepala a mayeso akale. Timabuku anatenga, mpaka katoni inadzaza. Mtolo sunaoneke.

Tsiku limenelo panali kabuku katsopano patebulo, kokhuthala, kachikuto chakuda, katatsinjirizidwa ndi mwala. A Lubasi atakaona anameza malovu.

"Amayi, ako kokha musang'ambe."

"Muli chiyani m'menemu choti mwamuna wandevu azinjenjemera nacho?"

A Lubasi anapukuta manja pa thalauza, n'kutsegula kabukuko mosamala. Analoza chimunthu cha chifuwa ngati chitseko, chovala nsalu kumsana, manja ake achitsulo.

"Uyu dzina lake m'chinenero chanu tingati Linga. M'mabuku ena onse aja ndi munthu wabwino. Nyumba ikamapsa ndiye amatulutsa ana, mlatho ukamathyoka amauchirikiza ndi manja akewa. Koma buku ili likufunsa kuti, bwanji tsiku lina akanachedwa? Ndiye ajambula dziko lina. Mzinda womwewo, anthu omwewo, maina omwewo, koma chinthu chimodzi chinapita padera. Anachedwa, mwana wake anafa, mutu unazungulira. Anati kuti munthu asadzafenso, aliyense akhale m'kati mwa mpanda. Anatseka mtsinje kuti madzi azigawa yekha. Wodandaula amamuponya kunja kukafa ndi ludzu. Onani apa, anthu oyandikana nyumba akuperekana okhaokha kuti apatsidwe kapu ya madzi."

"Zinachitika kuti zimenezi?"

"Sizinachitike. N'zopeka."

"Nanga zoyamba zija, za kutulutsa ana pamoto?"

"Nazonso n'zopeka."

Esnati anavuula zitumbuwa, n'kuzikhuthulira m'beseni. "Ndiye anapeka bodza, linawakoma, apekanso bodza lina loti bodza loyamba lija linawonongeka. Azungu alibe ntchito, a Ticha. Munthu wakhuta mpaka kukagula njala ya papepala. Abwere kuno tidzawapatse yaulere."

Doris, mnzake wogulitsa tomato patebulo loyandikana, anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Lolemba ndibweretsa mtolo wanu, amayi. Ndikulumbira."

"Mubweretse. Koma anthu anga akufuna zitumbuwa lero."

Anawalanda kabukuko, n'kukang'amba pakati iwo akuona. A Lubasi anatseka maso ngati ang'ambidwa khungu. Pofika masana, Linga wa manja achitsulo anali atamwazikana Kakumbi yense, tsamba ndi tsamba, atanona mafuta.

Chinali chaka chija mvula inakana, chaka cha chimanga chachikasu cha chithandizo. Luangwa anali atasanduka mchenga wokhala ndi timadziwe apa ndi apo. Mvuu zinkapanikizana m'matope, zina n'kufera momwemo, ndipo miimba inkazungulira kumwamba kuyambira m'mawa. Njovu zinasiya manyazi, zinkabwera kumango a kuseri kwa nyumba dzuwa likuswa mtengo. Anthu anali ndi njala, ndipo wanjala amaona zinthu ngakhale pamene palibe. Wina atadya chitumbuwa chake anatambasula pepala, n'kuona mtsinje wouma wodzaza mafupa, kumwamba mbalame zakuda. Anaonetsa mnzake. Mnzakeyo anatulutsa lake: anthu owonda ngati nkhuni ali pamzere, zigubu m'manja, kuseri kwa waya. Anayamba kusonkhanitsa masambawo, kuwayala pansi, kuwalumikiza.

Esnati sanazitenge ngati kanthu. "Mukufuna chitumbuwa kapena mukufuna sinema?" ankawakalipira. "Gulani muzipita, mukunditchingira mphepo."

Sabata isanathe mwana wa Doris, Racheal, anayamba kutsegula m'mimba, kenako magazi. Matendawo anali atagwira ana ambiri chifukwa cha madzi a m'zitsime za mumchenga. Koma Doris, pochapa diresi la mwanayo, anapeza m'thumba pepala lopindidwa bwino. Linali tsamba lija chimunthu cha manja achitsulo chanyamula kamtsikana kolefuka, mutu uli lendee, tsitsi lolukidwa ngati la Racheal.

M'mawa mwake tebulo la tomato linali litasunthidwa kupita kutsidya kwa msewu.

Masiku amenewo nkhani za anthu a Satana zinali pakamwa pa aliyense. Obwera kuchokera ku Chipata ankati kutauni kuli anthu amene amakupatsa kanthu kabwino, iwe n'kulandira, osadziwa kuti wapereka magazi ako. Tsopano anthu anayamba kukumbukira. Amake Benji ufa wa tirigu amaupeza bwanji chaka ngati chino? Chiwaya chija si chatsopano? Mwamuna wawo anafa bwanji, uja anangodwala masiku ochepa? Palibe anamufunsa pamaso. Ankangolambalala tebulo lake ngati pali dzenje. Zitumbuwa zinkazizira m'beseni, ntchentche zokha n'kumagula.

Esnati anawoloka msewu.

"Amake Racheal, mwana wagona bwanji?"

Doris sanadzutse mutu. Ankasanja tomato amene anali atasanjidwa kale.

"Ndikulankhula ndi iwe, Doris. Mwanayo pobadwa ndinamulandira ndine ndi manja awa."

"N'chifukwa chake munamudziwa tsitsi," anatero Doris motsitsa mawu.

Lachisanu kunabwera a Onesmus, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene sanakwezepo mawu chibadwire. Masamba aja anali atawaika m'jumbo, ndipo jumboyo anaigwira ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi.

"Amake Benji, mwaswera bwanji? Ine sindikuweruzani. Koma mudzi watentha, ndipo madzi akawira amafuna povundukulira. Lamulungu tikaweruka mapemphero mubwere pansi pa mtengo paja, mudzauze anthu kumene zinthuzi zimachokera ndi tanthauzo lake. Mukapanda kubwera, anyamata ndawaletsa kawiri, kachitatu sadzandimvera."

Atangochoka, Langford anatulukira kuseri kwa matebulo, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, chonde, dzina la loji lisatuluke. Bwana akangomva kuti mapepala a alendo ake akupezeka pamsika, ine ndathera pompo. Ndipo akachotsa munthu amauzana ndi maloji ena onse. Mlamu wanu ndi uyo ali ndi pakati. Tidya chiyani?"

"Ndiye ndikanene kuti anagwa kumwamba?"

"Nenani chilichonse, koma osati ine."

Esnati anamuyang'ana mlongo wakeyo. Malipiro a Langford ndi amene ankagula ufa wa tirigu uja anthu ankaufunsa. Makomo awiri ankadya m'thumba limodzi lomwelo.

"Choka apa," anatero. "Ukununkha mantha."

Loweruka masana anamanga chitenje, ulendo wa kusukulu. Nyumba ya a Lubasi inali kuseri kwa makalasi, ya chipinda chimodzi, ya malata a dzimbiri. Anawapeza atatseka zenera ngakhale kunkatentha ngati mu uvuni. Pansi pa bedi pankaoneka ngodya ya katoni ija.

"Mwamva?" anafunsa Esnati asanakhale n'komwe.

"Ndamva, amayi. Pepani kwambiri. Lolemba mtolo wanu..."

"Mtolo ndiudye? Ngongole ili ngati mbuzi, a Ticha, ikakhalitsa pakhomo imaswa. Yanu yaswa. Mukanabweretsa mapepala anga nthawi yake, kabuku kaja kakanakhala m'katoni yanuyo, ine ndikanakhala ndikugulitsa. Tsopano mtengo wake ndi uwu: mawa mubwere pansi pa mtengo, mudzanene zomwe munandiuza zija. Kuti n'zopeka, n'zoseweretsa ana a azungu, inunso mumawerenga ndipo simunafe. Inu ndinu ophunzira, akumverani. Mukatero ngongole yatha, mtolowo mukhale nawo."

A Lubasi anakhala pabedi, manja ali pakati pa mawondo.

"Amayi, ine kuno ndine mlendo. Ndilibe amalume, ndilibe manda. Inu akakukwiyirani akumbukira kuti munabadwira pano. Ine akumbukira chiyani? Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi anamutumiza kudera lina kukagwira ntchito pachipatala. Anthu anati akuba magazi. Anathawa ndi kabudula yekha."

"Pamene munafika kuno salale yanu isanayambe kubwera, munkadya kwa yani?"

"Kwa inu."

"Malungo atakugwetsani, mukuitana amayi anu m'chilozi, anakufunditsani ndani? Anakuphikirani phala ndani?"

"Inu, amayi. Sindinaiwale."

"Ndiye nthawi imeneyo simunali mlendo? Chilendo chanu chayamba lero?"

Kunja mbuzi inkakhukhuza khoma ndi nyanga.

"Ndingathe kukulemberani kalata yofotokoza, popanda dzina langa..."

"Aiwerenge ndani? Anthu akuopa pepala, inu mukuti ndiwapititsire pepala lina?" Esnati anaimirira. "Mverani bwino, chifukwa ine sindigulitsa mbuzi ili m'thumba. Mawa mukabwera, mulankhula ndinu. Mukapanda kubwera, ndilankhula ndine. Ndipo pakamwa panga mukupadziwa."

A Lubasi anadzutsa mutu, n'kumwetulira mofooka. "Simungachite zimenezo, amayi. Ndinu munthu wabwino."

"Uja wa manja achitsulo munati anali wotani?"

"Sindibwera, amayi. Ndikhululukireni. Sindingathe."

Esnati anatuluka osatsanzika.

Lamulungu kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongonamiza. Pansi pa mtengo panadzaza, ngakhale anthu amene sanapondepo m'tchalitchi. Anthu anamukhazika Esnati pa mpando pakati, masamba aja atawayala pansi patsogolo pake, kamwala pa tsamba lililonse. Doris kunalibe, anali kuchipatala ndi mwana. Kunali mwamuna wake, Wilbroad, maso ali psuu chifukwa chosagona, ndipo pambali pake panali anyamata atanyamula chigubu. Fungo la parafini linkamveka mphepo ikatembenuka.

Esnati anayang'ana nkhope zija imodzi imodzi. Uyu ankatunga naye madzi. Uyo anamubwereka mphika waukulu pa ukwati wa mwana wake. Awo ankaimba nawo kwaya. Mphuno zomwezo, zitenje zomwezo, mipata ya mano yomweyo, koma m'maso munalibe aliyense amene ankamudziwa. Kumbuyo kwenikweni kunaima Langford, akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Njira yochokera kusukulu inali yeretu.

A Onesmus anapemphera mwachidule, kenako anati, "Amake Benji, lankhulani."

Esnati anaimirira. "Abale anga, izi n'zojambula chabe. Ndi nthano za ana a azungu. Chimunthu ichi kulibe, mtsinje uwu kulibe. Amangoyerekeza kuti dziko likanawonongeka likanaoneka bwanji."

"Mtsinje kulibe?" anakuwa mayi wina. "Pitani mukaone Luangwa!"

"Mzere wa zigubu kulibe? Dzulo tinali pati?"

"Nanga Racheal amuyerekeza?"

Wilbroad anakweza dzanja, anthu n'kukhala chete. Analankhula pang'onopang'ono.

"Amake Benji, ine ndi inu tinalekeza limodzi sukulu tili giredi thu. Dzina lanu lomwe simulemba. Mawu ali m'kamwa mwa chimunthuchi ndi achizungu. Mwadziwa bwanji zimene akunena? Anakuuzani ndani? Mapepalawa amachokera kuti?"

"Ndimatola."

"Kuti?"

"Uku ndi uku."

"Ifenso timayenda uku ndi uku, sitinatolepo."

Phokoso linakwera ngati njuchi zikamatuluka mumng'oma. Wina anati tebulo lake liwotchedwe. Wina anati tebulo lalakwanji, zinthu zoterezi zimasungidwa m'nyumba, kudenga, mumphika. Anyamata a chigubu aja anayamba kusuntha, ndipo sankayang'ananso kwa a Onesmus. Nyumba ya Esnati inali ya udzu, pafupi, kuseri kwa mango. Benji ndi azing'ono ake Esnati anali atawatsekera m'katimo m'mawa, n'kuwauza kuti asatsegule ngakhale amve chiyani.

Anayang'ananso njira ya kusukulu. Munali galu yekha, atagona pamthunzi. Anayang'ana Langford. Langford anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Esnati sanali munthu wochedwa pa malonda. Anaona katundu amene anali naye, anaona mtengo wake, n'kugulitsa.

"Imani!" anakuwa ndi mawu ake aja a pamsika. "Mukufuna mwini wake? Ine ndine mbuli, mwanena nokha. Ndimangokulunga. Amene amawerenga zinthuzi, amene anandiuza dzina la chimunthuchi, ndi a Lubasi. Ine ndinang'amba kamodzi kokha. Iwo ali ndi katoni yodzaza pansi pa bedi. Ngati ndikunama, mubwerere mudzandiwotche."

Kenako wina anati, "N'zoona, ndinawaona akupempha kuti asang'ambe." Wina anati, "Amatseka zenera masana." Wina anati, "Ndiye akuphunzitsa ana athu chiyani?" Wina anati, "Anthu a kwawoko timawadziwa ife?"

Gulu linatembenuka lonse pamodzi, ngati ng'ombe zikanunkhiza madzi. A Onesmus anathamangira kutsogolo, manja ali m'mwamba, akuitana anyamata maina awo, koma ankangowadutsa. Posakhalitsa pansi pa mtengo panatsala Esnati, mpando, ndi masamba aja. Langford anamuyandikira.

"Achemwali..."

"Ukatsegula pakamwa ndikumenya. Pita ukatsegulire ana."

Esnati mwiniwake sanasunthe. Anamva chitseko chikusweka kutali, anamva mfuu katoni itapezeka. Kenako utsi wakuda unakwera kuseri kwa makalasi, wowongoka, popeza kunalibe mphepo yoti iupinde.

A Lubasi sanafe. Anawagwira akudumpha pazenera, anawamenya mpaka kuwathyola dzino ndi nthiti, ndipo anapulumuka chifukwa galimoto ya oyang'anira nyama inkadutsa pamsewu, n'kuwanyamula kupita nawo ku boma ku Mambwe. Zonse za m'nyumba zinapsa: katoni, matiresi, zovala, ndi mapepala awo a kukoleji. Racheal anachira patapita masiku, atamuika madzi a m'botolo kuchipatala. Anthu anati, mwaona, tangowotcha zija mwana wadzuka. Namwino anayesa kunena za madzi a m'zitsime, koma nayenso anali wobwera, ndiye sananene mokweza.

Tebulo la tomato linabwerera pamalo pake. Doris anabwera ndi maso onyowa, n'kumugwira Esnati dzanja.

"Mundikhululukire, Amake Benji. Nanunso anakupusitsani. Munthu munamudyetsa ngati mwana wanu."

"Zatha," anatero Esnati. "Sanja tomato wako."

Malonda anabwerera, mwinanso kuposa kale, popeza aliyense ankafuna kuonetsa kuti iye sanakayikepo. Pepala kunalibe. Langford anasiyiratu kubweretsa, ndipo Esnati ankakulunga zitumbuwa m'masamba a mango, osagwira bwino, mafuta n'kumadontha m'zigongono za anthu. Kusukulu kalasi ya Benji inalibe mphunzitsi. Ana ankapita m'mawa, n'kukakhala, n'kubwerako. Mvula sinabwere.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, lole ya ku Chipata inaima pamsika kudikira anthu. Kumbuyo kwake kunatsika munthu wamtali atavala malaya obwereka, aafupi manja. Ankayenda mopendekeka, dzanja limodzi lili panthiti. Anali atabwera ndi wapolisi kudzasainitsa mapepala a transifa kwa a Hedi. Msika wonse unamuzindikira. Ena anayang'ana kumbali, ena analavula.

A Lubasi anayenda molunjika mpaka patebulo la Esnati. M'khwapa munali mtolo waukulu womangidwa ndi chingwe cha khonje. Anauika patebulo pambali pa beseni.

"Mwaswera bwanji, amayi? Lero a Hedi anali ndi makiyi."

Mawu ankatuluka ndi kamluzu pamene panali dzino paja. Esnati anakokera mtolowo pafupi. Anamasula chingwe. Anali mapepala a mayeso akale, oyera, ouma bwino, opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Anawapanikiza ndi chikhatho monga amachitira poyesa katundu.

"Akwana?" anafunsa a Lubasi.

"Akwana."

"Ndiye ngongole yatha."

"Ndinakuuzani, a Ticha," anatero Esnati motsitsa, kuti Doris asamve. "Ndinakuuzani pamaso. M'nyumba muja munali ana anga."

"Munandiuza, amayi. Inenso ndinakuuzani kuti sindibwera. Palibe ananamiza mnzake."

Dalaivala analiza hutala. Esnati anasolola pepala lapamwamba, n'kusankha chitumbuwa chachikulu kuposa zonse, chotentha, n'kuchikulunga mwachangu. Msika wonse unkadziwa kuti Amake Benji sanaperekepo chitumbuwa chaulere, ngakhale kwa abusa. Anachitambasulira kwa a Lubasi, anthu onse akuona.

"Tengani. Mudye panjira."

A Lubasi anachiyang'ana, n'kuika manja onse kumbuyo.

"Ayi, amayi. Ndingakhalenso ndi ngongole."

Anatembenuka, wapolisi n'kuwathandiza kukwera. Lole inanyamuka, fumbi n'kuphimba matebulo. Esnati anatsala chiimire, dzanja lili m'malere, mafuta akulowerera papepala mpaka kumuwotcha zala.